ZA MAGALIMOTO: CIONGOLERO CIKAYAMBA KUNJENJEMERA

Woyendetsa galimoto amene anyamuka m'Lusaka m'mamawa kulinga ku Cigawo ca Kum'mawa saona bvuto liri lonse pamene akali m'kati mwa mzinda, pakuti m'menemo magalimoto amayenda mocita kukwawa ndipo ciongolero cimakhala phee m'manja mwake. Koma akapitirira Chongwe, mseu n'kutseguka, iye n'kuponda mafuta kufikira kamubvi ka liwiro kaloza pa 90 kapena pa 100, pamenepo ndi pamene ciongolero cimayamba kunjenjemera monga munthu wogwidwa malungo. Kalirole woonera kumbuyo nayenso amayamba kubvina, makiyi amalira, ndipo manja a woyendetsayo amacita dzanzi asanafike n'komwe pa Rufunsa. Akabweza phazi, liwiro n'kutsika kufika pa 70, zonse zimatha monga ngati kunalibe kanthu.

Ambiri akakumana ndi zimenezi amaimba mlandu mseu. Ena amati ndi ukalamba wa galimoto, popeza anaigula itayenda kale zaka zambiri ku Japan. Ena amangozolowera, monga mmene munthu wa dzino lobooka amazolowerera kutafunira mbali imodzi, ndipo amayenda pa 70 ulendo wonse. Alipo enanso, makamaka anyamata a maminibasi ndi matakisi, amene anaona kuti akaonjeza liwiro kupitirira pamene pali kunjenjemerapo ciongolero cimakhalanso bata. Tsono iwo amati mankhwala ake ndi kuponda mafuta. Mwa onsewa palibe amene waciza galimoto yake, ndipo omalizawa ndiwo ali pa ngozi yaikulu, pamodzi ndi anthu amene anyamula.

Kawiri-kawiri gwero la bvutoli ndi gudumu limene kulemera kwake sikuli kolingana kuzungulira konse. Tayala silipangidwa ndi mphira wokha. M'kati mwake muli nsalu za ulusi wolimba ndiponso malamba a mawaya acitsulo, zonse zoyalidwa cina pamwamba pa cinzake, ndipo pamene nsonga za zoyalazo zikumana pamakhala pocindikala pang'ono. Limu nalonso, kaya ndi lacitsulo kaya ndi la aluminiyamu, liri ndi mbali yolemera koposa ina, ndipo pali valavu yopopera mpweya imene iri mbali imodzi yokha. Motero ngakhale tayala latsopano, locokera m'sitolo tsiku lomwelo, likabvekedwa pa limu pamakhala malo amodzi olemera kuposa ena onse.

Ali yense amene anakhalapo ndi njinga anaziona kale zimenezi. Njinga ikagadamitsidwa, gudumu lakutsogolo n'kulizunguza ndi kulisiya, limazungulira, kenaka limayamba kupita uku ndi uku, ndipo potsiriza limaima pa malo omwe-omwewo nthawi zonse, mbali yolemera iri pansi, imene kawiri-kawiri ndi ya valavu. Pa njinga zimenezi sizibvuta munthu. Pamene John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopa mpweya ku Belfast mu 1888, linali la kanjinga ka mwana wake, ndipo pa liwiro lotere kusiyana kwa magalamu ocepa sikumveka konse. Bvuto linadza ndi liwiro la magalimoto.

Tayala lolembedwa 195/65 R15, limene lipezeka pa magalimoto ang'ono ambiri m'dziko muno, likazungulira kamodzi limayenda mtunda wa pafupi-fupi mamita 2. Ndiye kuti pa liwiro la makilomita 100 pa ola gudumu limazungulira ka 14 pa sekondi imodzi. Mwana akamanga mwala ku cingwe ndi kuuzunguza pamwamba pa mutu wake amamva mwalawo ukukoka dzanja, ndipo akafulumiza kuzunguza, kukokako kumakula. Malo olemera a pa tayala amacita cimodzi-modzi. Ngati pa mphira wogunda pansi pali magalamu 30 oonjezera, kumene kuli ngati kulemera kwa theka la dzira la nkhuku, pa liwiro la 100 magalamu amenewo amakoka gudumu ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu 7, monga malita 7 a madzi. Amalikokera kumwamba, kenaka kutsogolo, kenaka pansi, kenaka kumbuyo, ka 14 pa sekondi iri yonse.

Cofunika kuzindikira ndi cakuti mphamvu imeneyi sikula molingana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanai. Pa 50, magalamu 30 aja sakoka ngakhale makilogalamu 2, n'cifukwa cake m'tauni woyendetsa samva kanthu. Pa 120 amapitirira makilogalamu 10. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupi-fupi 570, ndipo pa ulendo umenewo gudumu liri lonse limazungulira nthawi zokwana ngati 285,000. Kuzungulira kuli konse ndi nkhonya imodzi pa zitsulo zimene zigwira gudumulo.

Nanga bwanji kunjenjemera kumacepa liwiro likakwera, pamene mphamvu yokoka ikukulira-kulira? Yankho lake liri pa katungwe. Wokankha mnzake pa katungwe safuna mphamvu zambiri; afuna kukankha pa nthawi yake, pamene katungweyo wayamba kubwerera, ndipo pang'ono-pang'ono mnzakeyo amafika m'mwamba. Akakankha mofulumira kopambana, katungwe sapita patali. Gudumu la galimoto, lokhala pakati pa sipuling'i kumwamba ndi mpweya wa m'tayala kunsi, liri ndi kadumphidwe kake kacibadwa, ka pakati pa 10 ndi 15 pa sekondi. Pamene kuzungulira kwa gudumu kwalingana ndi kadumphidwe kameneka, kumene pa magalimoto ang'ono ambiri kumacitika pakati pa makilomita 80 ndi 110 pa ola, gudumu limadumpha kwambiri ndipo ciongolero cimagwedezeka. Kupitirira pamenepo manja amapumula, koma mabeling'i ndi zitsulo zina zikulandirabe nkhonya, ndipo tsopano nkhonyazo ndi zazikulu kuposa poyamba. Mnyamata wa minibasi amene athawa kunjenjemera mwa kuthamanga wangotseka makutu ake.

Pali mitundu iwiri ya kusalingana kumeneku. Woyamba ndi wa pa njinga uja, wa malo amodzi olemera, umene umadumphitsa gudumu kumwamba ndi pansi. Waciwiri ndi wobisika. Tayala la galimoto ndi lotambalala, liri ndi mbali ya m'kati ndi mbali ya kunja. Kungacitike kuti mbali ya kunja iri ndi malo olemera pamwamba, ndipo mbali ya m'kati iri ndi malo olemera mofanana pansi. Gudumu lotere likapacikidwa ndi kusiyidwa limaima pali ponse, monga ngati liri bwino. Koma likayamba kuzungulira, malo awiriwo amakokera kosiyana, wina uku wina uko, ndipo gudumu limapukusa mutu kumanzere ndi kumanja monga nguli imene yatsala pang'ono kugwa. Mtundu umenewu ndiwo umagwedeza ciongolero kwambiri, cifukwa kupukusa kumeneko kumadutsa m'zitsulo zokhotetsa magudumu mpaka kufika m'manja mwa woyendetsa.

Mwa ici munthu angathe kuganizira gudumu lolakwa asanafike ku galaja. Ngati cikugwedezeka ndi ciongolero, bvuto kawiri-kawiri liri ku magudumu akutsogolo. Ngati kunjenjemera kukumvekera pa mpando ndi pansi popondapo mapazi, ciongolero ciri cete, ndiye kuti ndi akumbuyo. Wofuna kutsimikiza angasinthanitse gudumu lakutsogolo ndi lakumbuyo la mbali yomweyo ndi kuyesanso galimoto. Kunjenjemera kukasamuka kucoka m'manja kupita pa mpando, mlandu wagwera gudumu limene lapita kumbuyo.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Gudumu limene linali bwino dzulo lingayambe kubvuta lero, ndipo m'nyengo ya dzinja, kuyambira November kufika April, cifukwa coyamba ndi matope. Galimoto imene yapita kumudzi kukasiya fetereza, n'kutitimira m'dambo, imabwerako ndi matope omatirira m'kati mwa malimu, kumbuyo kumene diso silifika. Usiku madzi amatsikira pansi, matope amaunjikana mbali imodzi ndi kuuma. M'mawa galimoto ikakwera pa tala imagwedezeka monga cigayo, mwini wake n'kuyamba kuwerenga ndalama za kwa makaniko, pamene mankhwala ake ndi ndowa ya madzi ndi kamtengo kokokotera. Coyamba kucita ndi kutsuka malimu m'kati.

Caciwiri ndi maenje a pa mseu. Popeza m'Zambia magalimoto amayenda kumanzere, magudumu akumanzere ndiwo amakumana ndi m'mphepete mwa tala modyeka-dyeka pamene woyendetsa apatukira lole kapena basi yaikulu. Kugunda kumodzi kungathothole kacitsulo kamene kanamenyeredwa pa limu kuti kalinganize kulemera, ndipo pamene panali kacitsuloko pamatsala kacizindikiro koyera. Kugunda komweko kungapinde mlomo wa limu, makamaka mbali ya m'kati imene sioneka ngati munthu sanagwade.

Cacitatu cimacokera kwa omata matayala a m'mbali mwa mseu. Anthu amenewa amathandiza kwambiri, ndipo woyenda usiku pakati pa Nyimba ndi Kacholola amadziwa mtengo wao. Koma tayala likabvulidwa pa limu silibwerera pa malo pamene linali, kotero kuti tizitsulo takale timakhala tiri pa malo olakwika. Ndiponso tayala likang'ambika kwambiri, ena amaika m'kati cigamba cocindikala codula ku tayala lina lakale. Cigamba cotere ndi colemera kwambiri, ndipo tayala long'ambika motero siliyenera kukhalanso kutsogolo kwa galimoto yonyamula anthu, kaya libalansidwe kaya lisabalansidwe. Nthawi zina m'tayala mumalowanso madzi ocokera m'makina opopera mpweya amene thanki yake siikhetsedwa. Madziwo amayenda-yenda m'kati, ndipo gudumu lotere silingalinganizidwe kufikira atacotsedwa.

PA MAKINA

Nchito yolinganiza kulemera kwa gudumu amakaniko amaicha kubalansa, ndipo siitenga nthawi yaitali. Mwini galimoto acita bwino kuimirira pafupi ndi kupenyerera, m'malo mopita kukamwa tiyi, cifukwa nchito yabwino ndi yoipa zimasiyana pa tinthu tating'ono.

Wodziwa nchito amayamba ndi kucotsa tizitsulo tonse takale, kukokota matope, kuzula timiyala tokanirira m'mizere ya tayala ndi kuona ngati mpweya uli wokwanira. Akatero amamanga gudumu pa mtanda wa makina, kulikhazika pakati peni-peni ndi citsulo cosongoka ca msinkhu woyenera bowo la limulo. Amauza makina zinthu zitatu: kutalikirana kwa limu ndi makinawo, kutambalala kwa limu, ndi ukulu wake. Gudumu limazunguzidwa kwa masekondi owerengeka, ndipo makina amaonetsa manambala awiri, ina ya mbali ya m'kati, ina ya mbali ya kunja. Manambalawo ndi magalamu ofunika. Makaniko amatembenuza gudumu ndi dzanja kufikira makina asonyeza malo ake, ndi kuikapo kacitsulo. Tizitsulo timeneti timasiyana ndi magalamu asanu-asanu. Pa limu lacitsulo amacita kumenyera pa mlomo wake ndi kanyundo. Pa malimu ambiri a aluminiyamu amamata m'kati, ndipo pomatapo payenera kukhala poyera ndi pouma, apo ayi kacitsuloko kadzagwa pa bampu loyamba. Pomaliza gudumu limazunguzidwanso, ndipo manambala onse awiri ayenera kuonetsa 0.

Waulesi amasiya tizitsulo takale ndi kuonjezerapo tatsopano. Makina akakana kufika pa 0 amaikanso kena pambali, ndi kenanso, kufikira limu likuoneka ngati mkono wa mai wobvala zibangiri. Gudumu la galimoto yaing'ono likafuna tizitsulo tambiri motero, pali cina colakwika: mwina silinakhale pakati pa makina, mwina tayala silinakhale bwino pa limu, mwina limu ndi lopindika. Kawiri-kawiri zimathandiza kuphwetsa tayala, kulitembenuza theka pa limu lomwelo ndi kupopanso, kuti malo olemera a tayala asakhale pamodzi ndi malo olemera a limu. Matayala ambiri atsopano amabwera ndi kadontho kacikasu m'mbali mwake, kosonyeza pamene tayalalo liri lopepuka. Kadontho kameneko kayenera kuyang'anizana ndi valavu. Obveka matayala ambiri sakapenya n'komwe.

Mtengo wobalansa magudumu onse anai ndi wocepa kwambiri pouyerekeza ndi mtengo wa tayala limodzi latsopano. Nthawi zoyenera kucita nchitoyi ndi pamene tayala latsopano labvekedwa, pamene tayala labvulidwa pa limu kuti limatidwe, pamene galimoto yagunda dzenje mwamphamvu, ndiponso pamene magudumu asinthanitsidwa malo kuti adyeke mofanana, kumene kumacitika pa makilomita ngati 10,000 ali onse. Wonyalanyaza amalipira kwina. Gudumu lodumpha-dumpha limadyeka mabala-mabala, ndipo munthu akayendetsa dzanja pa tayalalo amamva zigwa ndi zitunda. Tayala likafika pamenepo limalira pa mseu ndipo silibwereranso mwakale. Mashoko amatopa msanga, mabeling'i amayamba kulira, mfundo za zitsulo zokhotetsa magudumu zimakhwepa. Coopsa koposa ndi cakuti gudumu lodumpha silikanikiza pansi mofanana nthawi zonse, ndipo pa tala lonyowa, m'makhwawa ndi m'makona a Manenekela, woponda buleki amafuna mphira wonse uli pansi. Akulu anati zengerezu analinda kwaukwau.

KUBALANSA SI ALAIMENTI

Pali cisokonezo cimene cimadyera anthu ndalama tsiku ndi tsiku. Mwini galimoto amafika pa galaja ndi kunena kuti, "Bambo, ndicitireni alaimenti, sitiyeling'i ikugwedera." Makaniko wokhulupirika amayamba wafunsa kuti, "Kodi abwana, imagwedera pa liwiro lanji? Nanga mukaponda buleki zimasintha?" Wofuna ndalama cabe amangocita cimene wauzidwa, mwini galimoto n'kulipira, ndipo akafika pa mseu waukulu amapeza ciongolero cikubvina monga kale.

Alaimenti ndi kuongola kumene magudumu akuloza, kuti onse ayende njira imodzi ndi kukhala ciriri monga mmene opanga galimoto anafunira. Ikasokonezeka, galimoto imakokera mbali imodzi, ciongolero cimakhala copendeka pamene galimoto ikuyenda molunjika, ndipo tayala limadyeka m'mphepete mumodzi pamene kwina kukali kwatsopano. Kubalansa ndi nkhani ya kulemera kwa gudumu lokha. Dzenje limodzi lingaononge zonse ziwiri, n'cifukwa cake nchito ziwirizi zimacitikira pa malo amodzi, koma ina siilowa m'malo mwa inzake.

PAMENE TIZITSULO SITINGATHANDIZE

Funso la makaniko lija, la liwiro ndi buleki, ndilo limasiyanitsa matenda. Si kunjenjemera konse kumene kumacokera ku kusalingana kwa kulemera, ndipo kwina ndi cenjezo la ngozi imene iri pafupi.

Ngati ciongolero cimagwedezeka pokha-pokha woyendetsa akaponda buleki, ndipo nthawi zina buleki yomweyo imabwezera phazi, bvuto liri pa madisiki a mabuleki akutsogolo, amene adyeka mosalingana kapena sakuzungulira moongoka. Zimenezi zimaonekera kwambiri potsika mapiri ndi katundu wolemera, pamene madisiki atentha. Ngati galimoto imanjenjemera poponda mafuta, makamaka pokwera mtunda, n'kuleka phazi likacoka, ayenera kuyang'anidwa ndi ma CV joint a m'kati, kapena mtanda wautali wopereka mphamvu ku magudumu akumbuyo pa magalimoto monga Hilux ndi Hiace.

Koma cimene woyendetsa ali yense ayenera kuopa ndi kugwedera kwa pa liwiro locepa. Galimoto ikamayenda pa 20 kapena pa 30, ciongolero n'kumapita cokha kumanzere ndi kumanja pang'ono-pang'ono, kapena galimoto yonse n'kumayenda ngati bakha, kumeneko si kulemera, pakuti pa liwiro limenelo magalamu alibe mphamvu. Ndiye kuti gudumu silirinso lozungulira bwino. Mwina limu lapindika. Mwina, ndipo ici ndico coopsa, malamba a mawaya a m'kati mwa tayala alekana ndi mphira, tayala n'kutupa malo amodzi kapena mizere yake n'kukhota ngati njoka. Zimenezi zimadza ndi kugunda maenje, kunyamula katundu wopitirira muyeso, kuyenda ndi mpweya wocepa, ndi kutentha, monga kwa m'cigwa ca Luangwa mwezi wa October. Makina obalansira angathe kuonetsa 0 pa tayala lotere, cifukwa iwo amayesa kulemera, sayesa maonekedwe. Dzira nalonso lingalinganizidwe kulemera, koma silingagubuduke ngati mpira. Tayala lotupa limaphulika, ndipo tayala lakutsogolo likaphulika pa liwiro la 100, minibasi ya anthu odzaza siimveranso woyendetsa.

Kuyesa kwake sikufuna makina. Galimoto iimikidwe pa malo osalala, magudumu ena atsekedwe ndi miyala, ndipo gudumu lokaikitsa likwezedwe ndi jeke. Wina alizunguze ndi dzanja, mnzake akhale kutsogolo kupenya mphira pamene ukudutsa. Tayala labwino limadutsa mosalala. Lodwala limakwera ndi kutsika kapena kupotoka. Poyendetsa dzanja pa tayala lotere pafunika kusamala, cifukwa mawaya otuluka amaceka ngati lumo. Gudumu likali m'mwamba comweco, aligwire kumanzere ndi kumanja ndi kuligwedeza: likamveka kuti khwepe-khwepe, ma tie rod end atha. Aligwirenso pamwamba ndi pansi: likagwedera, ndi beling'i kapena ball joint. Zitsulo zimenezi zikatha, ngakhale kusalingana kwakung'ono kumamveka kwambiri m'ciongolero, ndipo ball joint ikathyoka gudumu limagonera pansi galimoto iri pa liwiro. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yokha.

Kunjenjemera kumene kwayamba mwadzidzidzi pa ulendo, n'kumakulira-kulira, kapena kodza ndi phokoso logogoda, si koyembekeza kufika ku Chipata. Woyendetsa acotse phazi pa mafuta, asaponde buleki mwamphamvu, apatuke pa malo oonekera bwino ndi kuyang'ana manati a magudumu onse, matayala onse mbali zonse ziwiri, ndiponso ngati pakati pa gudumu lina patentha kuposa pa ena. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la mu 2002, limayesa magalimoto ndi kupereka pepala la fitinesi, koma pepala limenelo limanena za mmene galimoto inaliri pa tsiku loyesedwa. Dzenje la sabata yotsatira silikhala pa pepalapo. Wokwera minibasi amene akuona manja a dalaiva akunjenjemera pa ciongolero ali ndi cifukwa cokwanira colankhulira, ngakhale kondakitala amuyang'ane ndi diso loipa.

Pali cinthu cina codabwitsa. Mseu wocokera pa ulalo wa Luangwa kufika ku malire a Mwami utakonzedwa m'zaka za m'ma 2010, unakhala woyesera wabwino wa magudumu, pakuti pa mseu wa mabampu zonse zimagwedezeka ndipo munthu sangasiyanitse ca mseu ndi ca galimoto. Kunjenjemera kumene kumamveka pa tala losalala, pa liwiro limodzi-modzi nthawi zonse, n'kwa galimoto.

MAGALIMOTO OBWERA KUMENE

Magalimoto ang'ono ambiri a m'dziko muno amagulidwa ku Japan atagwirapo kale nchito, ndipo ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Galimoto imene yaima milungu yambiri pa doko ndi m'sitima imakhala ndi matayala ophwatalala pang'ono pamene anagunda pansi. Imanjenjemera poyamba, koma matayala akatentha pambuyo pa makilomita owerengeka amabwerera mwakale. Ngati sizikutha, pali cina. Magalimoto ena amabwera ndi matayala opangidwira nyengo ya cipale cofewa, a mphira wofewa ndi timizere tambiri-mbiri, amene sanapangidwire tala lotentha la kuno. Mwini galimoto ayang'anenso zaka za matayalawo. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa mau oyamba ndi DOT, pali manambala anai: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. Tayala lolembedwa 2319 linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Mphira umakalamba ngakhale mizere ikali yakuya.

Acinyamata ambiri akagula galimoto amathamangira kusintha malimu kuti ioneke bwino. Malimu ogula padera kawiri-kawiri amakhala ndi bowo lapakati lalikulu kuposa citsulo cimene akhalapo, ndipo ngati sipanaikidwe mphete yodzaza mpatawo, gudumu lingamangidwe litatsetsereka pang'ono kucoka pakati. Pa makina limaonetsa 0, pa galimoto limagwedezeka. Dzimbiri kapena dothi pa malo pamene limu ligundana ndi citsulo zimacita cimodzi-modzi.

Za tizitsulo tomwe pali mau amodzi oonjezera. Kwa zaka zambiri tinali kupangidwa ndi mtovu, cifukwa ndi wolemera ndi wofewa. Maiko a European Union analetsa mtovu pa nchito imeneyi mu 2005, ndipo opanga ambiri anatembenukira ku zinki ndi citsulo, koma ta mtovu tikali kupezeka pa magalimoto akale ndi m'magalaja. Anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likali kudwalitsa ana, safuna kuuzidwa za ululu wa mtovu. Tizitsulo tocotsedwa pa malimu tisamatayidwe pa bwalo pamene ana amatola zoseweretsa, ndipo makaniko asambe m'manja asanagwire nsima.

Gudumu likabalansidwa, nchito imatha pamene labwezeredwa pa galimoto. Manati ayambe kulowetsedwa ndi dzanja, kenaka amangidwe modumphitsa, ili ndi la kutsidya kwake, osati motsatana kuzungulira, kuti limu likhale mofanana. Kuimirira pa sipanala kapena kuonjezera paipi yaitali kumatamula mabauti, ndipo tsiku lina amaduka. Buku la galimoto limachula mphamvu yoyenera, ndipo magalaja abwino ali ndi sipanala yoyezera mphamvuyo. Manatiwo ayenera kuyesedwanso galimoto itayenda makilomita ngati 50, cifukwa limu likakhazikika ena amamasuka pang'ono. Wobalansitsa magudumu m'Lusaka pa ulendo wa kum'mawa, malo ake oimira ndi kutulutsa sipanala ndi pa Chongwe.